Mwera ukawomba, tenthetsani bwemba

Mwezi wa Juni ukangolowa, kuno kwa Mwadzama moni wathu amasintha. Aliyense amene mwakumana naye m'mamawa amafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji ndi kuziziraku?" Anzathu a ku Dedza ndi ku Mzimba akamva ife a kunyanja tikudandaula za chisanu amangoseka, amati sitikudziwa chimene tikunena. Mwina akunena zoona. Koma munthu amene anazolowera kugona osafunda kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mphepo ya mwera ikamupeza m'bandakucha imamulowa mpaka m'mafupa. Ndipotu ife ogona m'nyumba tili bwinoko. Amene amakudziwa kuzizira kwenikweni ndi anyamata amene amachezera pamadzi kupha usipa, malaya atanyowa, mphepo ikuwomba popanda mtengo kapena khoma loti n'kubisalapo.

Sabata ino ndikufuna ticheze za chakumwa chotenthetsa thupi. Nkhani yake ndi ya kukhitchini, koma inayambira m'kalasi, ndiye mundilole ndiyambire komweko.

Zaka ziwiri zapitazo, kutatsala masabata atatu kuti mayeso a MSCE ayambe, inali nthawi yanga yoyang'anira ana a Fomu 4 powerenga madzulo. Sukulu yathu ndi yoyendera, koma mayeso akayandikira timalola ana kubweranso kudzawerenga pa nyali za sola mpaka 8 koloko. Mawindo ambiri a kalasi imeneyo alibe magalasi. Atsikana anali atadzikulunga zitenje mpaka kumutu, anyamata manja ali m'khwapa, kutulutsa dzanja limodzi pokhapokha potembenuza tsamba. Ndikuyenda pakati pa madesiki ndinamva fungo limene mphunzitsi aliyense amalidziwa. Linkachokera kwa mnyamata wina amene dzina lake ndisunga, mwana wofatsa, wanzeru pa masamu, amene sanayambe wandivutitsapo chilowereni Fomu 1.

Ndinamuitanira panja.

"Iwe, wamwa chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Pang'ono pokha, aphunzitsi. Si kuti ndiledzere ayi, n'kotenthetsa thupi. Ndikachoka pano ndikupita kunyanja ndi amalume."

Ndinkadziwa kuti patchuthi amapita kunyanja, koma sindinkadziwa kuti amapitanso masiku a sukulu. Bambo ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Makope, sopo, yunifolomu ndi ndalama ya mayeso, zonse ankapereka ndi amalume akewo, eni chilimira, ndipo iye ankabweza pogwira nawo ntchito m'boti usiku umene anthu achepa. Anandiuza kuti nyengo ya mwera aliyense m'botimo amakhala ndi kabotolo m'thumba. Kake anamupatsa ndi amalume ake omwewo, ati pomumvera chisoni kuti angafe ndi mphepo.

Lamulo la sukulu pa nkhani ya mowa ndi lodziwika, ndipo mwanayo ankalidziwa. Akanatha kuimitsidwa sukulu masabata omaliza omwe ankawafunitsitsa. M'mawa mwake ndinakauza ahedi zonse, osabisa kanthu. Iwo atamva anati mwanayo agwire chibalo, koma asaimitsidwe, ndipo ine ndikaonane ndi amalume akewo. Koma chimene chinandisowetsa tulo si lamulolo. Mwana yemweyu ndinamuphunzitsa ndekha mu Biology mmene khungu limasungira ndi kutayira kutentha kwa thupi, ndipo pa mayeso a m'kalasi anakhoza bwino funso limenelo. Papepala ankakhulupirira ine, koma m'boti ankakhulupirira amalume ake. Ndipo ndisadziyeretse. Ine ndemwe, nditangomaliza dipuloma yanga n'kutumizidwa kuno ndisanakwatire, madzulo a Julayi ndinkapita kuseri kwa msika n'kukapempha "kakapu kothamangitsa mphepo". Mawu ake anali omwewo amene mwanayo anandiuza.

Tiyeni tsono tione chimene chimachitika m'thupi, chifukwa bodza limeneli ndi lozama mizu. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Kukazizira, timitsempha ta magazi ta pakhungu timafinyika kuti magazi ofunda akhale m'kati, pafupi ndi mtima, mapapo ndi chiwindi. N'chifukwa chake zala zimachita dzanzi ndi kuyera m'mamawa. Thupi limakhala likuteteza zofunika kwambiri. Kenako timayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi minofu ikugwira ntchito yopanga kutentha. Mowa ukalowa umachita zosiyana ndi zimenezi. Umatsegula timitsempha tija, magazi ofunda n'kuthamangira kukhungu. Nkhope imatentha, manja amafunda, munthu n'kumva ngati wafunda bulangete. Komatu kutentha kumene akukumvako ndi kwake komwe, kukutuluka. Kwafika pakhungu pamene mphepo ikukutenga mosavuta. Mowa umachepetsanso kunjenjemera kuja. Choncho munthu amamva kufunda pamene m'kati akuzizira. Kutentha kwa m'kati kukatsika kufika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kusokonezeka maganizo, kulankhula mokoka lilime ndi kuwodzera, ndipo anzake amangoti waledzera, musiyeni agone.

Onjezerani apo kuti mowa umalanda munthu mphamvu yoima bwino ndi yoganiza msanga, ndipo munthuyo ali m'boti logwedezeka ndi mafunde a mwera, usiku, kutali ndi gombe. Akagwera m'madzi, madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kabotolo kaja n'chimodzimodzi.

Loweruka m'mamawa ndinatsetserekera kudoko. Amalume aja ndinawapeza atakhala pamchenga akusoka chilimira, jekete lakale lili paphewa. Tinalonjerana, anandipatsa chigubu chokhalira, ndipo ndinafotokoza zonse ndalembazi, mwaulemu mmene ndikanathera. Anandimvetsera osasiya kusoka. Nditamaliza anati:

"Aphunzitsi, mwalankhula bwino, ndipo sindikutsutsani chifukwa inu munawerenga. Koma ndikufunseni. Inu usiku mumafunda bulangete, mayi akunyumba ali pambali. Ife pamadzi paja timafunda chiyani? Mukandilanda kabotoloka, mundipatsa chiyani m'malo mwake?"

Ndinasowa choyankha. Funso limenelo linali lachilungamo. Ife aphunzitsi, azaumoyo ndi atsogoleri a mipingo timadziwa kuletsa, koma kawirikawiri timabwera chimanjamanja. Ndinabwerera kunyumba funsolo likundizungulira m'mutu.

Madzulo ake ndinakumbukira za mzungu wina wa ku America amene ankaphunzitsa mongodzipereka pa sukulu imene ndinachitira zoyeserera uphunzitsi. Tsiku lina mu Julayi anatiitana kunyumba kwake, natipatsa chakumwa chotentha, chonunkhira, chowawasa pang'ono koma chotsekemera. Anati kwawo amachitcha mulled cider. Anafotokoza kuti ku America, cider ndi madzi ofinyidwa ku maapozi, osasasa, oti ngakhale ana amamwa, pamene ku England dzina lomwelo limatanthauza mowa wa maapozi. Konse kuwiri, nyengo yawo yachisanu ikafika, imene imagwa mu Disembala ndi Januwale ife tili pakati pa dzinja, amatenthetsa madziwo pamoto wapansipansi pamodzi ndi sinamoni, ma cloves ndi makoko a malalanje, n'kumamwa atazungulira moto. Chake chija chinali chopanda mowa, cha madzi a maapozi a m'katoni amene anagula ku Lilongwe.

Nditawafotokozera mayi akunyumba anaseka. Anati, "Ndiye mukufuna asodzi azigula maapozi? Apozi limodzi la ku South Africa ndalama yake ndigula nayo mulu wa bwemba pa Benga n'kutsalako ya mchere." Kenako anandifunsa kuti chinkakoma n'chiyani m'chakumwa cha mzunguyo. Ndinati kuwawasa, kutsekemera, fungo ndi kutentha. Iwo anati, "Basi, ndi bwemba ameneyo. Kungoti inu munazolowera kumumwa wozizira."

Ankanena zoona. Madzi a bwemba timawadziwa ngati chakumwa cha Okutobala, chothetsa ludzu, kapena choumitsa m'firiji n'kugulitsa kwa ana. Ena amathira m'phala. Sindinaganizepo kuti n'kumuika pamoto n'kumumwa ngati tiyi. Chonsecho bwemba amakhwima nyengo yopanda mvula, ndipo miyezi yozizirayi ndi yomwenso mandimu, malalanje ndi manachesi amadzaza m'misika. Zofunika zonse zimapezeka nthawi imodzi ndi mphepoyo.

Za zonunkhiritsa ndinakafunsa agogo ena oyandikana nafe, Msilamu wobadwira ku boma la Nkhotakota, amene tiyi wawo amamveka fungo munthu ukadali pamsewu. Nditawauza kuti ndikufuna kuphika chakumwa cha azungu anandiyang'ana modabwa. Anati, "Mwanawe, jinja ndi sinamoni m'madzi otentha zakhala za azungu liti? Agogo anga ankamwa zimenezi mzungu wako asanabadwe." Jinja amamutcha tangawizi, sinamoni amati mdalasini, ma cloves amati karafuu, mayina onse a Chiswahili. Mpake, chifukwa Nkhotakota ndi khomo lakale la amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawoloka nyanjayi kupita kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo unkapitirira pansi mpaka ku Kilwa. Katundu wa zombozo anali minyanga ya njovu ndi anthu. Ena mwa akapolo ochokera m'madera a nyanja yathuyi anakathera m'minda ya karafuu ku Zanzibar ndi ku Pemba. Ndikaponya ka karafuu mumphika ndimakumbukira kuti kanthu kakang'onoka kali ndi mbiri yowawa imene ikutikhudza ife a m'boma lino. Karafuuyo kwawo kwenikweni ndi kuzilumba za Maluku ku Indonesia, sinamoni wotchuka ndi wa ku Sri Lanka, jinja anachokeranso ku Asia. Koma bwemba ndi mtengo wathu wa kuno ku Africa, ndipo ambiri a ife tili nawo kuseri kwa nyumba.

Tsopano nayi njira yake, monga tinaipezera titalakwitsa kangapo. Muyeso uwu ndi wa malita 2 a madzi, okwanira anthu 6 kapena 8.

Tengani bwemba wosenda wodzaza manja awiri. Muviikeni m'theka la lita la madzi ofunda kwa mphindi 30, kenako mufikiseni ndi manja osamba bwino mpaka nthanga zilekane ndi mnofu. Sefani ndi sefa kapena kansalu koyera kuti nthanga ndi ulusi zitsale. Madzi okhuthalawo ikani padera.

Madzi otsalawo, lita imodzi ndi theka, ikani pamoto. Ponyanimo jinja wotalika ngati zala ziwiri zazikulu, wotsukidwa ndi kuphwanyidwa mu mtondo wa ndiwo. Kusenda sikofunika ngati mwatsuka bwino. Onjezani kamtengo kamodzi ka sinamoni kotalika ngati chala, ma cloves 4 kapena 5, ndi masamba 3 kapena 4 a lemongrass, udzu wonunkhira ngati mandimu uja, mutaumanga mfundo. Ngati muli ndi lalanje kapena nachesi, sendani khungu lakunja lokha mopyapyala, musiye choyera cha m'kati chija. Madzi akawira chepetsani moto, vundikirani, zibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20. Pa mbaula chotsani makala ena, pa mafuwa kokani nkhuni. Fungo likakhala lambiri m'khitchini ndiye kuti likuthawa mumphika, choncho chivundikiro chisachoke.

Mukatero thiranimo madzi a bwemba aja, takasani, ndipo dikirani mpaka atatsala pang'ono kuwira. Thirani shuga masupuni akuluakulu 5 kapena 6, lawani, wonjezerani ngati kuwawasa kwapambana. Bwemba amasiyana mtengo ndi mtengo, ndiye lilime lanu ndilo muyeso womaliza. Phulani, sefaninso, imwani chikadali chotentha.

Zolakwitsa zathu nazi, kuti inu musazibwereze. Tsiku loyamba ndinaponyamo ndimu wathunthu wodula pakati, makoko ndi nthanga zomwe, n'kusiya ziwire theka la ola. Chinatuluka chowawa ngati mankhwala a malungo akale aja, moti tinataya. Chowawitsa ndi choyera cha m'kati mwa khoko chija pamodzi ndi nthanga. Ngati mukufuna ndimu, finyirani madzi ake okha mutaphula kale. Tsiku lachiwiri ndinachulutsa ma cloves, ndinaika pafupifupi supuni yathunthu, ndipo lilime linachita dzanzi ngati ndachokera kozula dzino. Tsiku lachitatu tinasiya chotsala kugona mu sefuliya ya aluminiyamu, m'mawa chinkamveka chitsulo. Zowawasa zimadya aluminiyamu. Mphika wadothi ndiwo wabwino koposa, sumasintha kakomedwe ndipo umasunga kutentha nthawi yaitali mutauphula. Poto wa sitili kapena wopaka enamelo alinso bwino. Ngati muli ndi sefuliya yokha, phikiranimo zonunkhiritsa, bwemba mumuthire pomaliza, ndipo mukaphula tsanulirani mwina nthawi yomweyo.

Wina anena kuti sinamoni ndi ma cloves azipeza kuti kumudzi. Zoona, pa timisika tathu sizipezeka nthawi zonse. Ine ndimagula ndikapita ku boma kapena ku Salima, ndipo kapaketi kamodzi kamatha nyengo yonse chifukwa timathira pang'ono. Koma zikasowa musagwe mphwayi. Bwemba, jinja ndi shuga zokha zimakwanira. Jinja ndi lemongrass mukhoza kudzala nokha pafupi ndi bafa kapena pamene mumatsukira mbale, pamene madzi sasowa. Shuga amapangidwa m'boma lathu lomwe lino ku Dwangwa, koma ngati thumba lakana, uchi kapena madzi a nzimbe amagwira ntchito yomweyo. Uchi muzithira mutaphula. Bwemba akasowa, chidede chouma chimalowa m'malo mwake n'kupereka mtundu wofiira wokongola, ndipo icho mumachiwiritsa limodzi ndi jinja kwa mphindi 10 zokha. Malambe nawonso amatheka, koma amakhuthala msanga, ndiye asungunuleni padera muwathire mutaphula. Tisaiwalenso thobwa watsopano, wosasasa, wotenthetsa pang'ono. Ameneyu amaposa zonsezi pa chinthu chimodzi, amakhalitsa m'mimba.

Kwa amene akupita nacho kunyanja kapena kolondera, fulasiki ndiyo yofunika. Yambani mwathiramo madzi owira, itsekeni mphindi 5, tayani madziwo, kenako thiranimo chakumwacho chikadali chotentha kwambiri. Ikatero imasunga kutentha mpaka m'bandakucha. Musathire zotentha m'botolo lopyapyala la pulasitiki, limapindika ndipo likhoza kukuwotchani. Ngati fulasiki palibe, botolo lagalasi lokhuthala lotenthetsedwa kaye ndi madzi ofunda, lokulungidwa m'chiguduli kapena m'sweta yakutha, limathandiza kwa maola ochepa.

Ndisakunamizeni, kapu ya bwemba si moto. Kutentha kumene imalowetsa m'thupi n'kochepa. Chimene imachita n'chakuti imafunditsa manja ndi m'kamwa, imapereka madzi, ndipo shuga wake amapatsa minofu mphamvu yopangira kutentha. Ngakhale kuyabwa kwa jinja pakhosi nako ndi kamvedwe chabe, monga tsabola. Kusiyana kwake ndi kachasu n'kwakuti bwemba sakulanda nzeru, sakugwetsa m'boti, ndipo m'mawa umadzuka mutu uli bwino n'kutha kulowa m'kalasi. Zoteteza kwenikweni ku chisanu ndi zovala zouma, chipewa kumutu, jekete losalowa mphepo ndi kudya nsima usanapite pamadzi. Ndipo a nthambi yoona zanyengo akalengeza pa wailesi kuti mwera ukhala wamphamvu, palibe chakumwa chimene chingachepetse mafunde. Usiku umenewo usipa uusiyeni ukule.

Pali ena amene atalawa anandifunsa kuti, "Nanga titathiramo kachasu pang'ono, si ukoma koposa? Ukatentha mowawo si uuluka?" Ayi. N'zoona kuti mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, koma ukasakanizana ndi madzi suuluka wonse, wambiri umatsalira ngakhale mutatenthetsa kwa kanthawi. Mukathiramo mwabwerera pomwe tinayambira paja.

Kumbukiraninso kuti ichi ndi chakumwa, si mankhwala. Kuno kunyanja malungo sayang'ana mwezi. Mwana akamanjenjemera thupi lili lotentha, musamati ndi mwera n'kumuphikira jinja, pitani naye kuchipatala akamuyeze. Wotsokomola amene akupuma mobanika akhoza kukhala ndi chibayo, nayenso ndi wa kuchipatala. Uchi musapatse khanda losakwana chaka chimodzi. Odwala matenda a shuga achepetse kapena asathire shuga konse. Ndipo bwemba wambiri amatsegula m'mimba, makapu awiri akwana.

Tibwerere kudoko. Patatha masiku anayi ndinatsetserekanso madzulo, fulasiki yathu ya kunyumba ili m'manja. Amalume aja anali akukonza nyali. Ndinawathirira m'chivundikiro cha fulasikiyo. Ananunkhiza, analawa, anatsokomola pang'ono chifukwa cha jinja, kenako anamaliza.

"Chikukoma," anatero. "Koma aphunzitsi, ichi n'chakumwa cha ana."

"Ndiye chifukwa chake ndabwera nacho, bambo. M'boti mwanu muli mwana."

Anakhala chete kanthawi. Anyamata amene ankakankha boti anaima n'kumamvetsera. Kenako anati mwanayo asapitenso pamadzi mpaka atamaliza mayeso, apeza wina wolowa m'malo mwake. Kunena zoona, mawu amenewo ndi amene ndinkawafuna kuposa china chilichonse. Fulasiki anailandira, nati aione ngati ifika m'bandakucha.

Kusukulu nako tinayamba kuphika. Ahedi analola kuti madzulo a kuwerenga tiziika mphika waukulu pa mafuwa kuseri kwa kalasi. Ana amene ali ndi mtengo wa bwemba kwawo ankabwera naye, ena jinja, ena nkhuni ziwiri zitatu, ife aphunzitsi tinkasonkha ya shuga. Mutu umodzi susenza denga. Kuphika ankasinthana, ndipo ndinaonetsetsa kuti anyamata nawonso azikoleza moto ndi kusefa, isakhale ntchito ya atsikana okha. Aliyense ankabwera ndi kapu yake. Cha m'ma 7 koloko tinkapumula mphindi 10, kumwa, n'kubwerera ku mabuku. Sindinganene kuti bwemba anakhozetsa munthu mayeso. Chimene ndinaona n'chakuti ana amene ankathawa msanga chifukwa cha mphepo anayamba kukhala mpaka nthawi yotsekera. Mwambowu tikuupitirizabe, ndipo chaka chino mphika tauika kale pamoto.

Mnyamata uja analemba mayeso ake onse. Amalume ake sindinganame kuti anasiya kabotolo. Ndikakumana nawo pa Benga nthawi zina fungo limakhalapo. Koma tsiku lina anandiimitsa pamsewu, nati, "Aphunzitsi, ine ndakalamba nazo, koma ana a m'boti mwanga sindiwapatsanso. Mayi awo amawaphikira chija." Fulasiki yathu mpaka lero sinabwerere, ndipo mayi akunyumba amandikumbutsa chaka chilichonse mwera ukayamba. Ine ndimangoti ili pantchito.

Tsono pempho langa likupita kwa inu eni maboti ndi zilimira, inu amayi amene amuna ndi ana anu amachezera pamadzi, inu olemba ntchito alonda, ndi inu aphunzitsi anzanga amene mukuyang'anira ana owerenga usiku m'makalasi opanda magalasi. Tisamangoti mowa ndi woipa, n'kusiya munthu akunjenjemera. Funso la amalume aja likufunika yankho logwirika ndi manja. Fulasiki imodzi m'boti mtengo wake suposa timabotolo timene anyamata amagula mwezi umodzi wa mwera, ndipo bwemba ali mumtengo.

Ngati kwanuko muli ndi kaphikidwe kena, kaya ka chidede, kaya ka masau kapena ka malambe, lembani kalata ku tsamba lino tiphunzire tonse. Ine ndikuthamangira kuseri kwa kalasi, lero ophika ndi anyamata, ndipo ndikawasiya okha jinja amachulutsa.

Tikumanenso sabata yamawa.